Bwanji akabaza sakusiyana nacho chitsulo?

Mu 1998, Marco Pantani wa ku Italy anapambana mpikisano wa Tour de France pa njinga ya aluminiyamu, ndipo anali womaliza kutero. Lero akatswiri onse kumeneko amapalasa za kaboni. Koma taimani pa siteji ya akabaza ku Salima muone: felemu ndi zachitsulo zokhazokha. Kodi n'kutsalira?

Nyamulani njingazo mumve. Njinga yachitsulo yotchedwa Buffalo imapitirira makilogalamu 20, pamene za mpikisano zinapepuka mpaka bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga la UCI linalamula mu 2000 kuti zisamachepere makilogalamu 6.8. Pokwera mtunda wa ku Zomba, ntchafu zimaudziwa msanga kusiyanaku. Pachidikha nkhani imasintha, chifukwa chimene chimabweza wopalasa ndi mphepo. Apa kaboni ilibe mnzake, poti amaiumba m'chikombole n'kuipatsa maonekedwe odula mphepo.

Aluminiyamu ndi wopepuka pafupifupi katatu kuposa chitsulo, komanso amapindika msanga. N'chifukwa chake mapaipi ake amawapanga onenepa. Njinga yotere imamvera ukangoponda pedulo, pakona siizengereza, koma pamsewu wafumbi wokumbika imakugwedeza mpaka manja kuchita dzanzi. Mapaipi achitsulo, pokhala owonda, amanyuka pang'ono n'kumeza ena mwa mabampuwo. Ogulitsa amakonda kukokomeza zimenezi. Kunena zoona, tayala lalikulu losapopa mopitiriza limateteza msana kuposa felemu ina iliyonse, ndipo njinga yotalika pakati pa mateyala imakhazikika bwino ndi katundu, kaya yapangidwa ndi chiyani.

Titaniyamu sachita dzimbiri, koma mtengo wake ndi woti tingomutchula n'kudutsa.

Nkhani yagona pa tsiku limene felemu yathyoka. Kaliyala wa Buffalo anapangidwa kuti azinyamula makilogalamu 100, ndipo tonse timadziwa kuti matumba a makala sakwera sikelo. Chitsulo chimayamba chapindika kapena kuchita mng'alu wooneka, mwini n'kudziwiratu. Kaboni ikamenyedwa imatha kusweka m'kati kunja kukuoneka bwinobwino. Aluminiyamu amafuna makina apadera owotcherera, ndipo mtundu wofala wa 6061 umafunikanso kuuika m'ng'anjo pambuyo pake kuti mphamvu ibwerere. Felemu yachitsulo, wowotcherera wa pamsika amene amapanga mageti ndi mawindo amailumikiza mwini ali chiimire, madzulo n'kukanyamulanso anthu.