Musanakalipe, yesani kukamba monga nyamalikiti

Mayunitsi a malaiti asila pa 20, mwezi ukali kutali. Mabanja atatu, mita imodzi. Mwatuluka panja mtima uli m'mwamba: "Imwe ba neba ndimwe odzikonda, nthawi zonse mumaphikila nyemba pa stovu!" Ba neba nawo abweza, akumbutsa za ayini yanu. Pofika madzulo nkhani ili kwa ba landilodi, ana aletsedwa kusewela pamodzi, koma nyumba ikali mu mdima.

Muone bwino: mu ndeu yonseyo palibe amene wakamba cimene afuna.

Izi n'zimene Marshall Rosenberg, katswili wa maganizo a anthu wa ku America, anathela moyo wake kuphunzitsa. Anakulila ku Detroit, kumene mu 1943, ali mwana, kunabuka zipolowe zoopsa pakati pa azungu na anthu akuda. Njila yake anaicha Nonviolent Communication, kutanthauza kukambitsana kosalasa mnzako, ndipo anaiphunzitsa m'maiko ambili mpaka ukalamba. Anamwalila mu 2015. Pophunzitsa anali kuvala zidole ziwili kumanja. Nkhandwe inali kuimila mau oluma, oweluza, opatsa mnzako mlandu. Nyamalikiti, monga zija za ku Luangwa, inali kuimila mtima ukulu na khosi litali loona patali.

Cinenelo ca nyamalikiti cili na masitepe anayi.

Coyamba, kambani cimene mwaona cabe, monga kamela ya pa foni. "Ndimwe odzikonda" ni ciweluzo. "Tinagula mayunitsi pa 1, asila pa 20" ni cinthu cimene olo ba neba sangakane. Mau akuti "nthawi zonse" na "simunacitepo" muwasiye, cifukwa munthu akawamva amaleka kumvela, amayamba kufuna tsiku limene sanacite.

Caciwili, chulani mmene mumvelela: "Nili na nkhawa." Apa ambili timagwa. "Nimvela monga mumanipusitsa" si mmene mumvelela, ni mlandu uja wabwela utavala jekete ina.

Cacitatu, kambani cimene musowa: "Nifuna ndalama ifike kumapeto kwa mwezi, ana awelenge usiku."

Cacinayi, pemphani cinthu cimodzi cimene munthu angacite: "Ba neba, bwanji nyemba tiziphikila pa mbaula, stovu ikhale ya tiyi na nsima?" Manje apa pali mayeso. Ngati akana imwe n'kuyamba kutukwana, ninshi simunapemphe, munalamula. Akakana, funsani cifukwa. Mwina malasha awadulila, mwina mwana ali na cifuwa, utsi umamuvuta. Mukadziwa cosowa cawo, njila ina ipezeka.

Ku nchito ni cimodzimodzi. Ba boss akukalipilani pamaso pa makasitomala mu shopu olo mu saluni. Kubweza pamenepo kungakudyeleni nchito, kukhala cete kumakudyani mkati. Yembekezani anthu acoke, ndiye mukambe: "Ba boss, m'mawa munanidzudzula pali makasitomala atatu. Ninacita manyazi. Nifuna makasitomala azinikhulupilila. Nikalakwa, munganiitanile kumbali?" Musaone monga ni za anthu ofooka. Satya Nadella atakhala mkulu wa Microsoft mu 2014, anapatsa mabwana anzake buku la Rosenberg kuti aliwelenge, cifukwa kampaniyo inali yodziwika na mikangano ya m'kati.

Panyumba napo, "simumasamala za ine" amatseka khutu. "Atate ake Junior, sabata ino mwafika pambuyo pa 22 koloko masiku anayi, nimacita mantha, muzinitumilako meseji" amasiya khomo lotsegula.

Koma tisanamizane. Njila iyi ni ya anthu amene angakhale pansi n'kumvelana. Ngati pali kumenya olo kuopseza, si mau anu amene alakwa, ndipo si udindo wanu kumunyengelela. Pitani ku Victim Support Unit ku polisi. Lamulo la 2011 loletsa nkhanza za pakati pa amuna na akazi lilipo kukutetezani. Ngati ba boss samakulipilani, mau okoma akalephela, ofesi ya Labour ilipo.

Pa zina zonse, za cilimba cocedwa, za mbale zosatsuka, za mnzanu wa pa shifiti, yambani na sitepe yoyamba cabe sabata ino. Mkwiyo ukafika pakhosi, dzifunseni: kodi kamela ikanajambula ciani?