Therere m'khola la ng'ombe zamkaka

Ng'ombe yamkaka ikaswa koma nsengwa n'kukhalira m'kati kupitirira maola 24, mlimi wodziwa sagona tulo. Posakhalitsa kumchira kumayamba kudontha zamadzimadzi zofiirira zonunkha ngati nyama yowola, mkaka umachepa, ndipo ng'ombeyo imavuta kutenganso bere. Chiberekero chagwidwa ndi mabakiteriya.

Jakisoni wa maantibayotiki amathandiza, koma ali ndi vuto lake: kwa masiku angapo mkaka wa ng'ombeyo suyenera kugulitsidwa. Kwa mlimi wa ng'ombe imodzi, imeneyo ndi ndalama ya sopo ndi fizi yotayira pansi.

N'chifukwa chake ku India bungwe la National Dairy Development Board limaphunzitsa alimi mankhwala azitsamba. Ng'ombe ikangoswa, amaidyetsa radishi yoyera, kenaka nsengwa ikakana kutuluka amaipatsa therere lothira mchere ndi shuga wosayenga wa nzimbe. Inde, therere lomweli timadyera nsimali! Ku China akatswiri ayesapo pa ng'ombe msakanizo wakale wa zitsamba wotchedwa Sheng Hua Tang, umene amayi amamwa akachira.

Ine ndimazilemekeza njirazi, makamaka popewa matenda. Koma ng'ombe yotentha thupi, yosiya kudya, musaichedwetse ndi masamba. Itanani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo, ndipo nsengwayo musaikoke ndi manja.