Ukwati wa M'tauni: Mwambo wa Makolo ndi Zofuna za Eni Ake

Mvula ikakata, kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Okutobala, nkovuta kuti Loŵeruka lidutse ku Area 23, mu mzinda wa Lilongwe, popanda kumva mahutala ndi nthungululu. Mdipiti wa magalimoto omangidwa nsalu ndi maluŵa umatuluka pa tchalitchi, nudzera kumsika, kulinga ku holo kumene anthu ayamba kale kusintha ndalama za perekaniperekani. Oima m'mbali mwa msewu amaona chimwemwe chokhachokha. Koma omvera amene adakhalapo m'komiti ya ukwati akudziŵa kuti tsiku limeneli lisanafike pamakhala miyezi ya zokambirana zoŵaŵa, pamene mnyamata ndi mtsikana afuna china, makolo awo nafuna china. Nkhani ya sabata ino ikufotokoza za kukokanakokana kumeneku, ndiponso za mbali ya mwambo imene banja latsopano silingaitaye popanda kudzalira nayo m'tsogolo.

Vutoli lili ndi chiyambi chake. Likulu la boma litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe m'chaka cha 1975, malo monga Area 23, Area 25, Kawale ndi Biwi adadzaza ndi anthu ochokera m'maboma onse a dziko lino, odzafuna ntchito. Ana ndi adzukulu awo adakulira pamodzi, pa sukulu imodzi ndi pa mpopi umodzi, ndipo lero akukwatirana. Mnyamata amene kwawo ndi ku Mzimba akapeza mbeta ya ku Dedza, aŵiriwo saona chowasiyanitsa, popeza onse amalankhula Chicheŵa cha m'tauni. Kusiyana kumaonekera akuluakulu akakhala pansi. Kwa Angoni ndi Atumbuka a ku Mzimba, ukwati umamangidwa ndi malowolo, mkazi amapita kwa mwamuna, ndipo ana amakhala a kuchimuna. Kwa Acheŵa a ku Dedza, monganso kwa Ayao ndi Alomwe, mwini mbumba ndi malume, ndipo ana ndi a kuchikazi. Mwamuna wofuna kutengera mkazi ku chitengwa amachita kupempha. M'nyumba ya lendi ku Area 23 mulibe chikamwini kapena chitengwa, koma funso lakuti ana ndi a yani silidafe. Lidangogona, kudikira tsiku la maliro kapena la kutha kwa banja.

Achinyamata ali ndi mfundo zawo, ndipo si zopepuka. Ena amafuna ukwati waung'ono, wa anthu 50, kuti ndalama zotsala alipire lendi kapena agule malo. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpunga, mafuta ophikira ndi nkhuku zidakwera mtengo kotero kuti kudyetsa khamu kudasanduka katundu wolemera. Ena amafuna zosiyana ndi zimenezi: holo yodula, keke yosanjikiza, ojambula zithunzi zokaika pa Facebook, ndi maphwando angapo a amayi ukwati usanafike. Si zoona kuti nthaŵi zonse akulu ndiwo amakulitsa ukwati. Kaŵirikaŵiri agogo akadakhutira ndi thobwa, nsima ndi mbuzi imodzi pabwalo la nyumba.

Makolo nawo sakakamira khamu chifukwa cha matama chabe. Perekaniperekani ndi ngongole yosalembedwa. Mayi amene wavina ndi kuponya ndalama pa maukwati a ana a anzake a Chigwirizano kapena a Mvano kwa zaka 20, akamva mwana wake akuti afuna anthu ochepa, amamva ngati wamlanda tsiku lake lokolola. Ndiponso abale a kumudzi akapanda kuitanidwa, amene adzayankhe mlandu wa kunyada ndi makolowo.

Mkangano wotere suli ku Malaŵi kokha. Chiyambire Disembala 2007, pamene dziko lino lidapanga ubale ndi dziko la China, anthu a kumeneko achuluka mu Lilongwe, ndipo Nyumba ya Malamulo ndi bwalo la maseŵero la Bingu zidamangidwa ndi thandizo lawo. Maluŵa apulasitiki, nsalu zokongoletsera holo ndi madiresi oyera ambiri amene amaoneka pa maukwati a kuno amachokera ku China. Mzinda wa Suzhou ngotchuka ndi msika wake waukulu wa zovala za akwati. Chodabwitsa nchakuti diresi loyera si mwambo wa eni akewo. Kwa iwo mtundu wa ukwati ngwofiira, chizindikiro cha mwayi ndi chimwemwe, pamene nsalu yoyera kuyambira kale idali ya maliro. Diresi loyera lidatchuka ku England Mfumukazi Victoria atalivala pa ukwati wake m'chaka cha 1840, ndipo lidafika ku China monga lidafikira kuno, ngati chinthu chachilendo.

Tsono mtsikana wa ku Shanghai kapena ku Guangzhou amakomana ndi zimene amakomana nazo mnzake wa ku Area 23. Makolo ake amafuna tsiku losankhidwa pa kalendala yakale yotsata mwezi, napeŵa mwezi wachisanu ndi chiŵiri umene amati ngwa mizimu. Amakonda nambala 8, nadana ndi nambala 4 chifukwa m'chilankhulo chawo imamveka ngati liwu lakuti imfa. Amafuna phwando la matebulo ambiri, pakuti alendo amabwera ndi ndalama m'maenvulopu ofiira, ndipo dzina la aliyense ndi ndalama zake zimalembedwa m'buku kuti adzabwezeredwe tsiku lake likadzafika. Omvera angaone okha kuti ameneyu ndi perekaniperekani wopanda gule. Palinso chuma chimene a kuchimuna amapereka kwa makolo a mkazi, chotchedwa caili. Lamulo la ukwati la m'chaka cha 1950 lidaletsa maukwati okakamiza ndi kulipiritsa chuma pa ukwati, komabe m'madera ena mtengowo udakwerabe mpaka mabanja kuloŵa m'ngongole. Pa 1 Febuluwale 2024 padayamba kugwira ntchito malamulo atsopano a khoti lalikulu la dzikolo oweruzira milandu ya kubweza caili.

Njira imene achinyamata ambiri a kumeneko apeza ndiyo kusiyanitsa phata la mwambo ndi zokometsera zake. Mkwatibwi amavala choyera kwa kanthaŵi, kenaka nasintha kuvala chofiira. Ena amachepetsa alendo, ena amasiya phwando napita paulendo aŵiriŵiri. Koma ambiri sasiya mwambo wa tiyi. Pa tsiku la ukwati, mkwati ndi mkwatibwi amagwada kapena kuŵerama pamaso pa makolo ndi agogo a mbali zonse ziŵiri, napereka kapu ya tiyi ndi manja aŵiri, motsata ukulu. Wamkuluyo akamwa, ndiye kuti wavomereza ukwatiwo. Amapereka envulopu yofiira kapena chibangili chagolide, ndipo kuyambira pamenepo apongozi amaitanidwa kuti amayi kapena abambo. Mwambo umenewu kaŵirikaŵiri sutha ola limodzi, ndipo ungachitikire m'chipinda chochezera.

Kuno kwathu phata lotere ndi unkhoswe. Pa chinkhoswe pamachitika zambiri zosangalatsa: atsikana amafunditsidwa zitenje kuti a kuchimuna aloze wawo, mwamuna amalandira khasu ndi nkhwangwa, mkazi nalandira lichero, mthiko ndi chipande. Zimenezi zingachuluke kapena kuchepa monga mwa thumba la eni ake, ndipo khasulo mwina lidzachita dzimbiri kuseri kwa chitseko chifukwa chosoŵa munda. Koma pamene a kuchimuna apereka tambala, a kuchikazi napereka msoti, ndipo ankhoswe a mbali ziŵiri ang'amba nkhuku yootcha nadyera pamodzi anthu akuona, pamenepo pachitika pangano. Anthu amenewo avomera kusenza banjalo kufikira imfa. Ndiwo adzadzutsidwa usiku mbale zikagundana m'nyumba. Ndiwo adzayamba kuuzidwa za pakati, za matenda ndi za zovuta. Pamenepa nkhoswe amaposa mkhalapakati wa maukwati wa ku China, amene ntchito yake kwenikweni imathera pa tsiku la phwando.

Tsoka lake, m'tauni chimene chimadulidwa poyamba ndi chimenechi. Chifukwa chakuti malume ali kutali ku Chitipa kapena ku Nsanje, ndipo mtengo wa basi wakwera, ena amagwira mnansi kapena mnzawo wa kuntchito kuti akhale nkhoswe wa tsiku limodzi, ndalama zonse nazithira pa holo ndi pa zokuzira mawu. Chaka chamaŵa nkhoswe wobwerekayo wasamutsidwira ku Mzuzu. Ngakhale atakhalapo, sadziŵa mudzi wa mkazi, sadziŵa ngati malowolo adatha, ndipo abale enieni alibe chifukwa chomvera mawu ake. Achinyamata amakonda kunena kuti ukwati ndi anthu aŵiri, wachitatu ndi kapasule. Mawu amenewo adanenera amiseche ndi opasula mabanja, ndipo nkulakwa kuthamangitsa nawo nkhoswe.

Lamulo la dziko likugwirizana ndi mwambo pa mfundo imeneyi kuposa mmene ambiri amaganizira. Lamulo la maukwati, kutha kwa maukwati ndi za m'banja la m'chaka cha 2015 limazindikira mitundu inayi ya ukwati: wolembetsa ku boma, wa mwambo, wa chipembedzo, ndi wa anthu amene akhalira pamodzi nthaŵi yaitali mpaka kudziŵika monga banja. Yonseyi ili ndi mphamvu yofanana, ndipo okwatirana ayenera kukhala atakwanitsa zaka 18, mfundo imene idalimbikitsidwa pamene malamulo aakulu a dziko adasinthidwa mu 2017. Lamulolo silifuna holo, keke kapena diresi. Mipingo yambiri imafuna kuti ankhoswe aonekere ukwati usanalengezedwe m'tchalitchi, ndipo banja la mwambo likafika ku khoti, limodzi mwa mafunso oyamba limakhala lakuti kodi ankhoswe adakambapo. M'zaka za 2020 ndi 2021, pamene boma lidaletsa misonkhano ikuluikulu chifukwa cha mliri wa Covid-19, maukwati ambiri adachitika ndi anthu oŵerengeka, ndipo palibe amene angati eni ake sadakwatirane.

Chotero amene akukonzekera ukwati amachita bwino kuyamba ndi malume kapena azakhali, komiti isanasankhidwe. Mawu amene angamveke ngati chipongwe pakamwa pa mwana amamveka mwaulemu akadzera kwa malume. Mtsikana angathe kugwada nati: "Amalume, ife timaganiza kuti chinkhoswe chichitikire pakhomo pompano kuti a kumudzi onse abwere adye, koma ku holo tiitane ochepa. Mutithandize kuwafotokozera amayi." Pa chinkhoswe cha pabwalo palibe kulipira mpando, ndipo mayi amapeza tsiku lake lovina ndi anzake a kumpingo. Mabanja ena amachita chinkhoswe Lachisanu, ukwati Loŵeruka, kuti a kumudzi ayende ulendo umodzi. Za mtundu wa zovala, nyimbo ndi keke, akulu anzeru amasiyira eni ake.

Pamene mbali ziŵiri zili za miyambo yosiyana, pali nkhani zofunika kuthetsa nkhuku isanadyedwe. A ku Dedza ena amakana malowolo poopa kuti kulandira ng'ombe kapena ndalama ndi kugulitsa mwana, pamene a ku Mzimba amaona kuti popanda malowolo sadakwatire. Ankhoswe ayenera kumvana ngati malowolo aperekedwa, kuchuluka kwake, ndi tanthauzo lake pa za ana. Ayenera kumvana za kumene mkazi kapena mwamuna adzaikidwe akadzamwalira, ndiponso dzina limene lidzalembedwe pa mapepala a malo ngati banjalo lidzamanga ku Area 23 kapena ku Chinsapo. Lamulo la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011 lidaika kulanda katundu wa womwalira m'gulu la milandu, koma wamasiye amapuma msanga ngati pali mboni za mbali zonse ziŵiri zimene zidalipo pa chiyambi. Zimene agwirizana zilembedwe pa mapepala aŵiri, ndi maina a ankhoswe, midzi yawo ndi mafumu awo, ndipo mbali iliyonse isunge pepala lake.