Wotchera Sudoku nayenso ali ndi dzina

Mpikisano woyamba wa Sudoku wa dziko lonse unachitikira ku Lucca, m'dziko la Italy, mu 2006, ndipo anapambana anali Jana Tylová wa ku Czech Republic. Dzina lake linalembedwa, monga ziyenera kukhalira. Koma pa masewera oswetsa mutu ngati amenewa pamakhala anthu awiri. Pali womasula, palinso wotchera, amene amasankha manambala oti aoneke ndi oti abisike, n'kuonetsetsa kuti yankho likhale limodzi lokha lopezeka mwa kuganiza, osati mwa kulota. Wachiwiriyu ndiye amaiwalika msanga, chonsecho popanda iye palibe chopikisanirana.

Mbiri ya Sudoku yeniyeniyo ikuchitira umboni. Masewerawa anatuluka koyamba mu 1979 m'magazini a Dell ku America, akutchedwa Number Place, opanda dzina la mwini wake. Zinatengera Will Shortz, mkonzi wa masewera otere ku New York Times, kuzindikira kuti dzina la Howard Garns, wojambula mapulani a nyumba wa ku Indianapolis, linkapezeka pa mndandanda wa olemba m'magazini okhawo omwe munali Number Place. Garns anamwalira mu 1989. Apo n'kuti kampani ya Nikoli itawafalitsa kale ku Japan kuyambira 1984 pa dzina limene pambuyo pake linafupikitsidwa kukhala Sudoku, ndipo pamene nyuzipepala ya The Times ya ku London inawatchukitsa mu 2004, ambiri ankangoti ndi luso la Ajapani.

Ena amati makompyuta amapanga Sudoku zikwizikwi pa kanthawi kochepa, ndiye titamande ndani? N'zoona kuti pulogalamu ya Wayne Gould wa ku New Zealand ndi imene inadzaza manyuzipepala. Koma kompyuta imangotsimikiza kuti yankho lilipo, pomwe wotchera waluso amakonzeratu njira imene maganizo a womasula adzadutsemo. Mu 2020 Mitchell Lee anapanga Miracle Sudoku yokhala ndi manambala awiri okha, 1 ndi 2, ataiwonjezera malamulo otengera mayendedwe a mfumu ndi kavalo pa chess. Simon Anthony ataimasula pa YouTube, anthu mamiliyoni anaonera, ndipo poti iye amatchula wotchera asanayambe, dzina la Lee linayenda limodzi ndi ntchito yake.

Chodandaula cholemererapo n'chokhudza chilungamo. Wotchera aliyense ali ndi kachitidwe kake, motero wopikisana amene wazolowera ntchito za munthu wina angapeze mwayi akaona dzina pa pepala. Nkhawayi ndi yomveka, koma ikungokhudza nthawi yotchulira dzinalo. Libisidwe mpikisano uli mkati, kenako lilembedwe pambali pa sewero lililonse m'kabuku ka mayankho, osati kuunjika mayina onse pa mndandanda umodzi monga a Dell anamuchitira Garns. Bungwe la World Puzzle Federation ndi onse okonza mipikisano ayenera kuika zimenezi m'malamulo awo.