Kubetcha Kukudya Chuma cha Mpira wa ku Kafue

Mpira wa ku Kafue unakulira pamsana pa mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia inali ndi timu yake, Nitrogen Stars, ndipo m'Zambia ya zaka za m'ma 1970 wosewera wa timu ya kampani kawirikawiri ankakhalanso wantchito wolandira malipiro mwezi ukatha. Kafue Textiles itatsekedwa, Nitrogen nayo n'kufooka, chitetezo chimenecho chinatha.

Chimene tauniyi yatsala nacho ndi luso la anyamata ake. Patson Daka ndi Enock Mwepu anadutsa ku Kafue Celtic, anapambana ndi timu ya Zambia chikho cha Africa cha osapitirira zaka 20 mu 2017, n'kupita ku Red Bull Salzburg, kenako ku England mu 2021. Matimu akunja amagula miyendo, koma amagulanso chikhulupiriro chakuti mnyamatayo akaphonya chigoli, waphonyadi.

Chikhulupirirochi ndicho chili pangozi. Kale juga inkafuna malo obisika. Lero ili pafoni, ndalama zikulowa ndi mobile money, pamene osewera ambiri a m'maligi aang'ono amadalira kandalama kosadziwika tsiku lobwera. Wosowa amene ali ndi mphamvu yosintha zotsatira za masewero ndiye amene akatangale amamusaka.

Zambia inaziwonapo kale. Mu 2011 khoti la ku Finland linapeza osewera asanu ndi awiri a ku Zambia a timu ya RoPS, ya ku Rovaniemi, olakwa polandira ziphuphu kuti agulitse masewero. Wowanyengerera, Wilson Raj Perumal wa ku Singapore, anagamulidwa zaka ziwiri m'ndende. Manyazi ake anagwera wosewera aliyense wa ku Zambia wofuna ntchito kunja.

Ena amati palibe cholakwa ngati wosewera kapena kochi wabetchera timu yake kuti ipambane. Pete Rose, amene anachotsedwa m'masewero a baseball ku America mu 1989 akutsogolera Cincinnati Reds, ankadziteteza motero atavomera mu 2004. Mfundoyi ndi yofooka. Kochi amene waikapo ndalama angathe kuseweretsa mnyamata wovulala kuti apulumutse tiketi yake. Tsiku limene sanabetche, odziwa amamva kuti timu siili bwino. Akaluza amalowa m'ngongole, ndipo wangongole amamvera womukongoza. N'chifukwa chake malamulo a FIFA amaletsa osewera ndi akuluakulu a mpira kubetcha pa mpira uliwonse, ndipo wosewera Ivan Toney anaimitsidwa miyezi 8 ku England mu 2023 chifukwa chobetcha.

Komabe chilango chokha sichingakwanire. FAZ, bungwe loyendetsa mpira ku Zambia, iyenera kuphunzitsa lamuloli kuyambira m'matimu a ana, kukakamiza matimu kulipira panthawi yake, ndi kutsegula njira yoti wosewera amene wanyengereredwa aulule popanda kuopa kuchotsedwa. Zikapanda kutero, mlandu umodzi wokha ungatseke khomo la ku Ulaya kwa anyamata a ku Kafue amene sanabetchepo n'kamodzi komwe.