Ukwati wa sabata yathunthu pamwamba pa madzi

Azakhali anga a ku Petauke ataonetsedwa kanema wa sitima yapamadzi pafoni, sanachite chidwi ndi maiwe osambiramo kapena magetsi ake amitundumitundu. Anaisuzumira foniyo kwa kanthawi, n'kufunsa kuti: "Nanga nkhuni amakatola kuti?" Ana anafa nacho chikhakhali, koma kwa ine funso lanzeru tsiku limenelo linali lomweli. Azakhaliwa akhala akutsogolera ophika pa maukwati ndi pa maliro kuyambira ndili mwana, ndipo amadziwa kuti ng'oma ingalire bwanji, alendo akapanda kukhuta nkhani imene amapita nayo kwawo ndi ya njala.

Sitimayo inali Icon of the Seas ya kampani ya Royal Caribbean, imene inayamba kunyamula anthu mu Januwale 2024 kuchokera ku Miami. Ndi yaitali mamita 365. Ikadzaza imatenga alendo 7,600 ndi antchito 2,350, khamu loti kuliika m'mabasi akuluakulu a ku Lusaka angafunike pafupifupi 150. Ine sitima imene ndinakwerapo ndi Ilala ya pa nyanja ya Malawi, yomwe inapangidwa ku Glasgow mu 1949, n'kubwera zidutswazidutswa, n'kuyamba ntchito mu 1951. Ndinachoka ku Nkhata Bay kupita ku Likoma. Pansi tinali pakati pa matumba a chimanga, njinga ndi fungo la usipa, mbale ya nsima ya nyemba ili pamwendo. Pamwamba panali kabala ndi mipando ya okonda kuothera dzuwa. Ilala zisanu ndi ziwiri zitandandalikidwa ndiye zingafanane kutalika ndi chisitima cha ku Miami chija. Koma kusiyana kwenikweni si kumeneko. Wokwera Ilala ali ndi kumene akupita. Wokwera chinzakecho amatsikira pamene anakwerera pakatha masiku 7, ndipo chimene walipira ndi kudya, kugona ndi kusangalala m'njiramo. Kunena mwachidule, wagula malo pa ukwati.

Tsono ukwati timaudziwa. Komiti imakhala pansi n'kuwerengera matini a chimanga opita kuchigayo, mbuzi, nkhuku, kabichi ndi mafuta. Ndipo ingawerengere chotani, pofika masana china chimaperewera. Palibe amene amalira nazo, chifukwa mnyamata amapalasa njinga kupita kumsika, mayi wa khomo loyandikana amabwereketsa mchere, wina amagwira tambala wake. Pakati pa nyanja palibe khomo loyandikana. Chilichonse chimene anthu pafupifupi 10,000 adzadye sabata yonseyo chimalowa tsiku limodzi, m'maola ochepa apakati pa kutsika kwa alendo akale ndi kukwera kwa atsopano. Nkhokwe zake zili pansi, kumene alendo safikako: chipinda cha nyama pachokha, cha nsomba pachokha, cha mkaka, cha masamba, chilichonse ndi kuzizira kwakekwake.

Apa amayi ogulitsa nthochi pamsewu pa Nyimba angamvane bwino ndi wosunga nkhokwe wa m'sitima. Mayi wa pa Nyimba sadula mikoko yonse kuti ipse tsiku limodzi. Ali nazo zakupsa zoti basi ikaima lero athamange nazo pawindo, zina zongoyamba kuyezuka za mkuja, zina zobiriwira zikadali zofundikidwa. Amadziwanso kuti nthochi yakupsa ukaigoneka pamodzi ndi zosapsa imazifulumizitsa. M'sitima amagula chimodzimodzi, zakupsa, zapakati ndi zaziwisi, ndipo amaziika patali ndi zipatso zina. Ndandanda ya zakudya nayonso imatsata zomwezo: masamba ofewa ndi zipatso zosachedwa kuvunda zimatuluka masiku oyamba, zolimba zimadikira kumapeto. Mlendo amaona ngati wophika wangosintha maganizo, osadziwa kuti ikulamula ndi nkhokwe.

Za nkhuni zija, yankho ndi lakuti kulibe. Kulibe mafuwa, kulibe mbaula, ndipo lawi la moto salifuna n'komwe m'khitchini; zonse ndi za magetsi ochokera ku mainjini a sitimayo. Moto ndiye mdani woopsa kuposa mafunde, poti ukabuka kothawira kulibe. N'chifukwa chake ngakhale kandulo kapena simbi ya m'chikwama amalanda pokwera. Miphika yake ndi ikuluikulu ngati madiramu athu a pa ukwati, koma yomangiriridwa pansi kuti mafunde asaigubuduze, ndipo pothira amachita kuipendeketsa ndi chogwirira. Ophika buledi amagwira usiku, monga ntchembere zimene zimalawirira kuteleka nyemba tambala asanalire.

Madzi ndi amene anawazunguza mutu azakhali. Amene azungulira sitimayo ndi amchere, osamweka, osaphikira, osachapira. Njira zowakonzera zilipo ziwiri, ndipo yoyamba aliyense amene anaonapo kutcheza kachasu aidziwa kale. Amawiritsa madziwo ndi kutentha kochokera ku mainjini, nthunzi imakwera n'kudutsa m'mipope yozizira, n'kudontha ili madzi abwino, mchere utatsala m'mbuyo. Yachiwiri ndi kusefa: amawakankha mwamphamvu kudutsa m'sefa ya timabowo tosaoneka ndi maso, toti madzi amadutsa koma mchere ayi. Mjigo wa sitima ndi umenewo, ndipo ndi umene umadzaza maiwe, mabafa ndi makina ochapira nsalu za pabedi zikwizikwi.

Kudya kwenikweniko kuli magawo atatu, monganso pa ukwati. Pali chipinda chachikulu cha matebulo oyalidwa nsalu, kumene umakhala pansi n'kumabweretseredwa ngati uli ku tebulo la akwati. Pali malo odzitengera wekha, kumene anthu amafola ndi mbale, ndipo khalidwe lake ndi lomwe lija timalidziwa: munthu amaunjika phiri loti sangalimalize chifukwa choti maso alibe mimba. Ndiye pali timalesitilanti tapadera tolipira mwapadera. Otsatsa malonda amakonda kunena kuti chakudya cha m'sitima ndi chaulere. Ayi ndithu, ndi chaulere ngati mmene nyama ya pa ukwati ilili yaulere kwa munthu amene anasonkha kale. Ndipo zimene zimadya thumba ndi zina: mowa, intaneti, kutikita thupi, juga, maulendo okaona malo sitima ikaima padoko, ndi ndalama yothokozera antchito imene makampani ambiri amangoionjezera okha tsiku ndi tsiku. Ndalama yogwira m'manja simuioneka. Khadi yotsegulira chipinda ndi yomweyo yogulira, ngati buku la ngongole la pakantemba, limene umalemba mokoma mwezi wonse n'kudzagwira pakamwa tsiku la malipiro. Kuweruza kwanga, nzeru yaikulu ya eni sitima yagona pa khadi imeneyi, osati pa maiwe.

Za masewera sindichedwapo. Kuli zisudzo, oimba, malo otsetsereka a m'madzi, kosiya ana, kachipatala, ndipo mwa zina muli ndi bwalo loseweramo pa ayezi. Zonsezi ntchito yake ndi ya gulu la ovina pa ukwati, kuti anthu asaone kutalika kwa tsiku komanso kuti asakhamukire kumphika nthawi imodzi.

Chimene chimawasowetsa tulo akuluakulu a m'sitima ndi matenda otsegula m'mimba. Amene anaona kolera ya 2023 mpaka 2024, pamene bwalo la Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala, akudziwa chifukwa chake tinasiya kusamba m'manja m'beseni limodzi n'kuyamba kuthirirana. Anthu zikwi akagwira chipande chimodzi, kachilombo ka norovirus kamayenda ngati moto wa lupsa. Ndiye pakhomo la malo odyera pamaima munthu wongokumbutsa alendo kusamba m'manja. Sitima zofika ku America zimayenderedwa mwadzidzidzi ndi bungwe la zaumoyo la CDC, pa dongosolo limene linayamba mu 1975, ndipo yopeza malikisi osafika 86 pa 100 yalephera. Mu Febuluwale 2020 dziko linaona kuipa kwa mudzi wopanda kothawira, pamene Diamond Princess inatsekeredwa pa doko la Yokohama ndi anthu 3,711, ndipo oposa 700 anadwala Covid-19.

Pa ukwati uliwonse pali anthu amene saona akwati akuvina chifukwa ali kuseri, maso ali psuu ndi utsi. M'sitima anthu amenewa ali pansi, ambiri ochokera ku Philippines, Indonesia ndi India, ndiponso ena a kuno kummwera kwa Africa. Amakhala miyezi 6 kapena kuposa osaona kwawo, akugwira tsiku lililonse. Pangano la mayiko la 2006 lokhudza ogwira ntchito panyanja limati azipuma maola osachepera 10 pa tsiku ndi 77 pa sabata, ndiye werengani nokha otsalawo. Azakhali ukwati ukatha amagona masiku awiri miyendo ili m'mwamba. Koma kwa antchito a m'sitima, alendo akamatsika m'mawa, madzulo ake ukwati wina wayamba. Wofuna kudzionera yekha safunika kukafika ku Miami: nyengo yotentha sitima za kampani ya MSC zimanyamuka ku Durban kupita ku Pomene ndi ku Portuguese Island ku Mozambique.

Funso lomaliza la azakhali linali la mkute. Kwathu nsima yotsala ana amadya m'mawa, makoko ndi zotsukira mbale zimapita kukhola. Ndinawafotokozera kuti m'sitima chakudya chimene chakhala poyera maola anayi sichibwereranso m'nkhokwe. Amachipera, china amachiumitsa n'kuchitentha kapena kukachitsitsa padoko, ndipo malamulo a panyanja amalola kutaya m'madzi choperedwa mpaka tizidutswa tosaposa mamilimita 25, sitima ili patali ndi gombe. Pulasitiki ndiye saloledwa ngakhale pang'ono.

Anakhala chete, akuyang'ana kukhola kumene nkhumba zawo zitatu zinali kulirira madeya.

"Iwe," anatero, "anthu 10,000, ndiye wopanda ngakhale mmodzi woweta nkhumba?"