Chitsulo Nachonso Chimatopa

Mwana akafuna kudula waya wopangira galimoto yake safuna mpeni. Amangoupinda uku ndi uku mpaka uthyoke. Akatswiri amati kumeneku ndi kutopa kwa chitsulo, ndipo kwaphetsa anthu m'malo a zisangalalo kumene makina amanyamula anthu, kuwazunguza ndi kuwatsitsa mwaliwiro.

Pa 5 May 2007, tsiku lokondwerera ana m'dziko la Japan, anthu anadzaza paki ya Expoland mumzinda wa Suita, pafupi ndi Osaka. Kumeneko kunali kasitima kotchedwa Fujin Raijin II, kothamanga pa njanji zokwera ndi kutsika, okwera ali chiimire. Kali pa liwiro, ekiselo ya gudumu inathyoka, ngolo imodzi inapendekeka, ndipo mtsikana wa zaka 19 anafera pomwepo. Ena 19 anavulala. Ofufuza anapeza kuti ekiseloyo inali isanasinthidwepo chiyambire kasitimako mu 1992, ndiponso kuti ntchito yomasula ndi kuyesa zitsulo chaka chimenecho anali ataikankhira m'tsogolo. Pakiyo inatsekedweratu mu 2009.

Kodi chitsulo chokhuthala chotere chithyoka bwanji? Sichithyoka tsiku limodzi ayi. Paulendo uliwonse chimapindika pang'ono kwambiri ndi kubwerera. Patapita maulendo zikwizikwi, kamng'alu kochepa kuposa tsitsi kamayamba pamalo ofooka: pa mazinga a bawuti, pa chibowo, kapena powotcherera. Kamng'aluko kamalowa mkati mwakachetechete, utoto ndi girizi zitakaphimba. Chitsulo chotsala chikachepa, chimaduka mwadzidzidzi ngati phesi louma. Mukayang'ana poduka mudzaona mbali yosalala, imene inang'aluka kalekale, ndi mbali yokhakhala imene yaduka tsikulo.

Nchifukwa chake ife a zaumoyo sitikhutira ndi mawu akuti "taona ndi maso, zonse zili bwino". Makina ayenera kumasulidwa. Oyesa amathira mankhwala ofiira amene amalowerera m'ming'alu, kapena ufa wachitsulo umene maginito amausonkhanitsa pamng'alu, kapenanso amatumiza mafunde a phokoso mkati mwa chitsulo.

Kumudzi kulibe makina otere, koma nthendayi ndi yomweyo pa foloko ya njinga yonyamula odwala, pa ekiselo ya ngolo ndi pa unyolo wa katungwe wa ana kusukulu. Pukutani girizi, yang'anani powotcherera. Mukaona kamzere ka dzimbiri pamene utoto wang'ambika, musakwezepo munthu. Ndipo foloko yopindika musaiwongole ndi nyundo, gulani ina.